Kudyetsa ng'ombe mosinthasintha mapadoki: kungabweze msipu ku Featherstone?

Chimwemwe_Dzivaresekwa

Moni nonse akuluakulu. Ndimakhala kuno ku Dzivaresekwa, koma banja lathu lili ndi puloti ya mahekitala 60 cha ku Featherstone, njira ya ku Chivhu. Mahekitala 6 timalima chimanga, ena 4 ndi miyala ndi pakhomo, otsala 50 ndiye busa. Dothi ndi lamchenga, kumunsi kuli kadambo kamene kamaphwa mu Seputembala. Mjigo ulipo umodzi wa sola, pafupi ndi khola. Ng'ombe zilipo 32: zazikazi 14 za Mashona zosakanizika ndi Brahman, nkhunzi imodzi, zapagoli 4, zachaka chimodzi mpaka ziwiri 5, ndi ana 8. Mbusa amatsegula khola m'mawa n'kuzisiya zidye paliponse mpaka madzulo.

Chichitikireni chilala cha 2024 msipu sunabwererenso. Kuzungulira mjigo kwatsala dothi lokhalokha, udzu wabwino ukutha, umene ukuchuluka ndi wa tsine. Ndamva za kudula busa m'mapadoki ang'onoang'ono n'kumasuntha ng'ombe pafupipafupi. Ndithandizeni: mapadoki angati, aakulu bwanji, ng'ombe zikhale masiku angati pamodzi? Waya wamagetsi amagwira pa mchenga wouma? Komanso ena akuti ndi njira imeneyi ng'ombe ungaziwirikize kawiri pamalo omwewo, ndi zoona?

aPhiri_Mufakose

Achimwene, za waya ziikeni kaye pambali. Udzu suphedwa ndi kudyedwa, umaphedwa ndi kudyedwa kachiwiri usanapezenso mphamvu. Ng'ombe ikabudula tsinde m'dzinja, tsindelo limatapa chakudya chimene linasunga kumunsi kwake kuti liphukenso. Pakatha masiku atatu kapena anayi, kamphukira kaja kamakhala katafika poti lilime la ng'ombe n'kukagwira, ndipo pabusa ponse palibe chokoma kuposa iko. Ng'ombe yoyenda mwaufulu imabwerera pomwepo. Kawiri, katatu, mizu imafupika, ng'amba ya mu Januwale ikabwera tsinde lija limauma, pamene udzu wa tsine umene ng'ombe zimaulambalala ukubereka mbewu mwamtendere. Ndi zimene mukuonazo. André Voisin, mlimi wa ku Normandy ku France, anazilongosola kale mu 1957, ndipo malamulo ake awiri oyamba ndi awa: malo apume mokwanira, ndipo ng'ombe zisakhalitse pamalo amodzi.

Chiwerengero cha mapadoki chimachokera pamenepa. Tengani masiku opuma, gawani ndi masiku odya, onjezani chimodzi. Mukafuna kuti padoki ipume masiku 60 ndipo ng'ombe zidye masiku 3, ndiye 60 kugawa ndi 3 kuphatikiza 1, mapadoki 21. Masiku opumawo amatsatira mvula. Udzu ukamakula msanga, kumapeto kwa Disembala mpaka Febuluwale m'chaka chabwino, masiku 35 mpaka 45 amakwana. Ukamakula pang'onopang'ono pamafunika 60 mpaka 90, ndipo m'chilala kupitirira apo. Woweruza ndi tsinde, osati kalendala. Khomani kachikhomo pambali pa tsinde la udzu wokoma limene ladyedwa kwambiri, ndipo musabwezepo ng'ombe lisanafanane ndi linzake losadyedwa.

Kukula kwa padoki kumachokera pa mimba za ng'ombe. Ndikaŵerengera zazikazi pa makilogalamu 350, nkhunzi 550, zapagoli 450, zachinyamata 220, ana 100, khola lanu lonse likulemera pafupifupi makilogalamu 9,150. Ng'ombe imadya udzu wouma wokwana makilogalamu awiri ndi theka pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake, choncho patsiku mukufunika makilogalamu 230. Padoki ikakhala ndi makilogalamu 1,200 pa hekitala ndipo inu mukufuna kuti zidye osapitirira magawo anayi pa khumi, mukutenga 480 pa hekitala, ndiye kuti theka la hekitala patsiku. Masiku atatu ndi hekitala imodzi ndi theka, mamita 100 m'lifupi, 150 m'litali.

Ine ndikanati muchite motere. Patulani mahekitala 15 asapondedwe dzinja lonse, abereke mbewu, akhale nkhokwe ya m'chilimwe, ndipo chaka chamawa mupatule ena. Mahekitala 35 otsalawo akupatsani mapadoki 23. Mukamasuntha pa masiku awiri, padoki iliyonse ipuma masiku 44. Mukamasuntha pa masiku atatu ipuma 66. Ndiye kuti mvula ikamagwa bwino musunthe msanga, zizingobudula nsonga, ikadula muchedwetse.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Mvula ikadula udzu umafupika, ng'ombe zimamaliza padoki tsiku limodzi n'kuyamba kulira, mbusa n'kuzisuntha. Mawa chimodzimodzi. Musanazindikire zazungulira busa lonse m'masiku 23 ndipo zabwerera pa padoki yoyamba imene sinaphuke n'komwe. Ulendo wachiwiri umafulumira kuposa woyamba, ndipo pofika Malichi busa lonse lametedwa mpala, moipa kuposa akanazisiya mwaufulu. Mukaona kuti padoki yotsatira sinakonzeke, imitsani kuzungulira. Tsekerani ng'ombe pa padoki imodzi yoipa kale, muzizipatsa mapesi kapena udzu womweta pomwepo, kapena gulitsani zina. Bola kuononga hekitala imodzi ndi theka mwadala.

Koma ntchito imene imapulumutsa ng'ombe m'chilala imachitika kumapeto kwa Epulo, udzu utasiya kukula. Kuyambira pamenepo chimene chili pabusa ndi chomwecho mpaka Novembala. Pangani kabwalo ka chitsulo kapena ka nsungwi, mita imodzi mbali zonse zinayi. Kaponyeni malo 20 osiyanasiyana, oipa ndi abwino omwe, osasankha. Mwetani udzu wa m'katimo, uyanikeni padzuwa mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, muyeze pa sikelo ya kukhitchini. Magalamu a pa kabwalo kamodzi kuchulukitsa ndi 10 ndiwo makilogalamu a pa hekitala. Tiyerekeze mwapeza magalamu 150: ndi makilogalamu 1,500 pa hekitala, 75,000 pa busa lonse. Theka lokha ndi limene lidzalowe m'kamwa mwa ng'ombe, lina lidzapondedwa, lina ndi la chiswe ndi mphepo, lina liyenera kutsala kuti liphimbe dothi. Ndiye 37,500 kugawa ndi 230, masiku 163. Kuyambira pa 1 Meyi, udzu ukuthera pa 10 Okutobala. Onjezani mapesi a mahekitala 6 aja, tinene makilogalamu 9,000 ngati mwawatuta n'kuwasunga pathandala, mwafika pa 18 Novembala. Mvula ikachedwa ndi mwezi umodzi mwagwidwa. Kuti mufike pa 10 Januwale, pamene udzu watsopano ungakhale utakula, ndi chakudya chomwecho, khola liyenera kupepuka ndi makilogalamu pafupifupi 1,900, monga zapagoli ziwiri ndi zazikazi zitatu zokalamba kapena zimene sizinatenge bere. Zigulitseni mu Meyi zili zonenepa, osati mu Okutobala pamene aliyense akuthamangira kumsika ndi mafupa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mvula ya Novembala musaiŵerengere.

Mwale_Glen_Norah

A Phiri anena za udzu, ine ndiyankhe za waya ndi madzi.

Waya wamagetsi amagwira pa mchenga, koma mukamusamalira mbali ya pansi. Magetsi amachoka mu energiser, makina amene amatumiza magetsi pa waya, kudutsa mu waya, kulowa m'ng'ombe, kutsikira m'dothi, n'kubwerera ku makina kudzera mu ndodo zachitsulo zimene mwakhoma pansi. Mchenga wouma wa mu Seputembala sudutsa magetsi, ndiye ng'ombe imangomva ngati ntchentche. Khomani ndodo zitatu za galvanised, iliyonse mamita awiri, motalikirana mamita atatu, pamalo osauma monga pamene madzi a chomwera amatayikira, ndipo muzilumikize ndi waya mmodzi womanga ndi ma clamp. Zitsulo zadzimbiri za konkire ayi, dzimbiri limatseka njira. Poyesa, pitani mamita 100 kuchokera pa makina, tsamiritsani zitsulo zingapo pa waya kuti magetsi atsikire pansi, kenako muyeze pa ndodo yomaliza. Mukapeza ma volt opitirira 300, ndodo zachepa. Pamene dothi lauma kwambiri ikani mawaya awiri, wapamwamba wamagetsi, wam'munsi wolumikizidwa ku ndodo zija, motalikirana masentimita 20, kuti ng'ombe ikagunda onse awiri imve ndithu osadalira dothi.

Energiser ya ma joule awiri ikukwanirani, ndi batire ya ma volt 12 ndi panelo ya sola ya ma watt 30. Pa waya pazipezeka ma volt 4,000 kapena kuposa. Akatsika pansi pa 3,000 nkhunzi imadutsa osatembenuka. Gulani kachoyezera kake, musamayese ndi tsamba la udzu. Zimene zimatsitsa mphamvu kawirikawiri ndi udzu wauwisi wogunda waya, mfundo zomanga polywire (chingwe chapulasitiki chodutsa magetsi) pamene tizingwe tachitsulo ta m'kati tinaduka, ndi batire yotha. Ikaninso choteteza ku mphezi, kwanuko mphezi si nkhani yoseŵera. Ndipo waya waminga musamulumikize ku magetsi ngakhale pang'ono, chifukwa chiŵeto kapena mwana akakodwa sangadzichotse.

Musamange mapadoki 23 okhazikika, ndi kutaya ndalama. Kokani mizere ya waya wosalala wolimba m'litali mwa puloti, motalikirana mamita 100, motsatira kupendekeka kwa malo kuti tinjira tisalunjike kumunsi. Pakati pa mizereyo muzidula ndi polywire: wina kutsogolo, wina kumbuyo, wachitatu wokonzeratu padoki yamawa. Wakumbuyoyo ndi amene anthu amachita naye ulesi, koma popanda iye ng'ombe zimabwerera pa mphukira ndipo zonse zimene anena a Phiri zapita pachabe. Timitengo tapulasitiki tobaya ndi phazi tikhale pa mamita 10 aliwonse, waya akhale masentimita 85 kuchokera pansi. Ana a ng'ombe akamadutsa kunsi musade nkhawa, sapita patali ndi amayi awo. Musanayambe, kokani waya m'kati mwa khola lolimba kwa masiku atatu kuti iliyonse imununkhize ndi mphuno n'kuphunzira. Zamagazi a Brahman zikadzidzimukira kutchire zimalumphira kutsogolo n'kukoka waya yense.

Madzi tsopano. M'kutentha kwa Okutobala yaikulu imamwa malita 45 mpaka 60, ndiye khola lanu likufuna malita pafupifupi 1,500 patsiku. Thanki ya malita 5,000 ikupatsani masiku atatu pampu ikafa kapena kukachita mitambo. Musakonze mapadoki onse kuti akumane pa mjigo ngati masipoko a njinga. Pakatipo pamasanduka fumbi, tinjira timasanduka zigwembe, ndowe zonse zimathera pamenepo m'malo mwa kubusa. Madzi ndiwo alondole ng'ombe. Yalani paipi yakuda ya mamilimita 32 kapena 40 motsata mzere wapakati, muikwirire masentimita 30 kuti moto ndi dzuwa zisaiononge, ndipo pa mamita 200 aliwonse pakhale potsegulira. Chomwera chikhale chonyamulika, ngakhale migolo yapulasitiki yodula pakati, chokhala ndi valavu yoyandama. Madzi akakhala pafupi ng'ombe zimapita imodziimodzi. Akakhala kutali zimapita zonse pamodzi, zamphamvu zimamwa, zofooka zimapeza mouma n'kubwerera ndi ludzu.

Panelo ndi batire muziike m'bokosi lachitsulo lokhoma pafupi ndi nyumba ya mbusa, magetsi apite kubusa ndi waya. Zikakhala kutchire sizigona sabata.

Nabanda_Marlborough

Bambo Chimwemwe, pali bodza limodzi limene limayenda ndi njira imeneyi, loti mukamasuntha ng'ombe nkhupakupa zimafa ndi njala ndiye dibi n'kuisiya. Nkhupakupa yofiirira ya m'makutu, imene imafalitsa matenda a ng'ombe otchedwa January disease, ikakula imatha kudikira muudzu kupitirira chaka osayamwa magazi. Masiku 66 kwa iyo si kanthu, ndipo udzu wautali wa m'malo opumawo ndi umene imaukonda. Pitirizani dibi sabata iliyonse m'dzinja, pa masabata awiri m'chilimwe, ndipo matenda akabuka m'dera tsatirani dongosolo la 5-5-4 limene a veterinary amalamula, ndiye kuti kusambitsa pakatha masiku asanu, asanu enanso, kenako anayi. Pakani girizi wa nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Kumene kusuntha kumathandizadi ndi pa njoka zam'mimba, chifukwa mazira a m'ndowe amafuna masiku anayi kapena kuposa kuti asanduke timphutsi tolowanso m'ng'ombe, ndiye mukachoka pa tsiku lachitatu mwatisiya m'mbuyo.

Dambo lija lisungeni. M'dzinja ziboda zimaliponda n'kuumbika, ndipo m'madzi osayenda muli nkhono zimene zimasunga nyongolotsi za m'chiwindi. Lidyetseni kuyambira Ogasiti, m'tizigawo, litayamba kuuma pamwamba, ndipo mupereke mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi, chifukwa si mankhwala onse a njoka amene amazipha. Ŵerengani pa botolo.

Pa masamu a a Phiri ndiwonjezepo ichi. Udzu wa kumtunda kuno ukauma umakhala wochuluka koma wopanda ndiwo. Mapuloteni ake amatsika kufika pa 3 kapena 4 pa 100, pamene tizilombo ta m'chifu cha ng'ombe timafuna 7 kuti tigaye bwino. Ng'ombe imatha kuonda itaima pa udzu wofika m'mimba. Muzionera ndowe: zikakhala zouma, zounjikana ngati mbale zosanjikiza, mapuloteni achepa. Kuyambira Juni perekani keke ya thonje, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa yaikulu patsiku, kapena chonyambita cha m'chilimwe chokhala ndi urea. Ndi urea samalani. Yambani ndi mchere wokha kwa masabata awiri kuti zisachite nkhuli, ana osafika miyezi isanu ndi umodzi asayandikire, ndipo chonyambitacho chisanyowe, pakuti madzi odikha pamenepo amapha ng'ombe ola lisanathe. Ikayamba kunjenjemera, kutuluka dovu ndi kutupa mimba, imwetseni viniga malita awiri mpaka anayi ndi madzi ozizira ambiri, uku mukuitana dokotala.

Nyengo yoopsa kuposa zonse ndi masabata atatu oyamba mvula itagwa. Ng'ombe zikaona kubiriŵira zimakana udzu wouma, zimayenda tsiku lonse kusaka timphukira tamadzi okhaokha, zimatsegula m'mimba, ndipo zoonda zimagwa nthawi imeneyi. Udzu nawo ndi pamene uli wofooka kwambiri. Zitsekereni pa padoki imodzi, muzizipatsa mapesi amene munasunga, mpaka udzu utafika masentimita 15 kapena 20. Kumbukiraninso kuti zomera zapoizoni monga slangkop zimaphuka udzu usanaphuke, ndipo ng'ombe zothithikana pamalo ochepa sizisankha bwino. Yendani padoki musanalowetse, zulani lantana, ndipo mapira ophukira amene afota ndi dzuwa asadyedwe.

Choyezera chosavuta kwa mbusa ndi ichi: madzulo aziona kumanzere kwa ng'ombe, kutsogolo kwa fupa la m'chiuno. Pakakhala dzenje lakuya, sizinakhute, padoki yachepa kapena zachedwa kusunthidwa. Chaka chikaipa letsani ana kuyamwa ali ndi miyezi inayi kapena isanu muziwapatsa chakudya paokha. Ndi zotsika mtengo kuposa kudyetsa mayi woyamwitsa, ndipo mayiyo amatenganso bere.

Sekuru_Gama

Funso lanu lomaliza palibe walikhudza, mphwanga, ndiye ndilitenge ine. Kuwirikiza kawiri ayi, musayerekeze.

Nkhani imeneyo imachokera kwa Allan Savory, wobadwira ku Bulawayo, amene dziko lonse linamumva akulankhula pa msonkhano wa TED mu 2013. Koma kuyesa kwake kwakukulu kunachitikira kwanu komweko, ku Charter Estate, kuyambira 1969 mpaka 1975. Zaka zimenezo mvula inali yoposa ya nthawi zonse. Ng'ombe zitachulukitsidwa, iliyonse payokha inanenepa mochepa, chakudya chogula chinafunika chambiri, ndipo ofufuza sanaone msipu ukusintha kwenikweni poyerekeza ndi kumene ankadyetsa mwakale. Mu 2008 David Briske ndi anzake anasonkhanitsa zoyesa za m'mayiko angapo napeza kuti m'zambiri mwa izo kusinthasintha sikunapose kudyetsa kwa nthawi zonse, ndipo chimene chinkalamula ndi mvula ndi kuchuluka kwa ziŵeto. A mbali ya Savory amayankha kuti ofufuza amayesa kuzungulira kwa pa kalendala, pamene iwo amaphunzitsa kukonza dongosolo n'kumalisintha poona udzu. Pamenepo ali ndi mfundo, ndipo ndi zomwe a Phiri afotokoza. Koma za kuwirikiza zija ndi chikomekome cha nkhuyu. Mbali yaikulu ya kwanuko ili m'chigawo chaulimi chotchedwa Region III, mvula mamilimita 650 mpaka 800 pachaka, ndi ng'amba pakati pa dzinja. Waya sagwetsa mvula. Mu 1992 ng'ombe zinafa m'minda yokhala ndi mapadoki ndi yopanda mapadoki momwe. Khalani ndi chiwerengero chimene muli nacho, kapena chocheperapo, kwa madzinja atatu. Muziyeza mu Epulo, muzijambula chithunzi pamalo amodzimodzi chaka chilichonse. Udzu ukamatsala zaka zotsatizana, onjezani ziwiri kapena zitatu, makamaka zofula zoti mungagulitse msanga chaka chikaipa.

China, simukukakamizidwa kugula waya. Ku Dimbangombe, kufupi ndi Victoria Falls, kumene kuli Africa Centre for Holistic Management, ng'ombe zimayendetsedwa ndi abusa ndipo zimagona m'khola losuntha. Mutha kupaka penti pamitengo kusonyeza malire a mapadoki, abusa awiri n'kumazisunga pamodzi. Vuto la njira imeneyi ndi nthawi. Ng'ombe imafuna maola asanu ndi atatu kapena kuposa ikudya, makamaka m'mamawa ndi madzulo kukazizira. Khola lotsegulidwa 9 koloko n'kutsekedwa 4 koloko limaondetsa ng'ombe ngakhale msipu ukhale wabwino bwanji. Khola losunthalo liikeni m'munda wa chimanga mukakolola, mamita atatu kapena anayi a sikweya pa yaikulu iliyonse, masiku asanu ndi awiri pamalo amodzi. Manyowa ndi mkodzo zimalowa pomwepo popanda ngolo.

Ndipo ndinene mosabisa, njira imeneyi siyenda ndi ulimi wa pafoni. Amene amaona udzu tsiku ndi tsiku ndi mbusa, osati inu muli ku Dzivaresekwa. Jambulani mapu, mapadoki akhale ndi manambala, pakhale kope lolemba tsiku lolowa ndi lotuluka, ndipo mbusayo amvetse chifukwa chake, osangolamulidwa. Ntchito yake ikuchuluka, malipiro akwerenso.

Chimwemwe_Dzivaresekwa

Zikomo kwambiri nonse, masamu a mu Epulo aja andithetsa mankhalu. Ziwiri zatsala. Pamjigo paja pouma gwa, padzabwerera pokha ndikangochotsapo ng'ombe? Nanga mahekitala 15 osungawo, ng'ombe za aneba ndi moto ndizitani nazo?

aPhiri_Mufakose

Pokha pachedwa, chifukwa pamwamba pachita chikhakha, madzi amangotsetsereka ndipo mbewu ilibe pogwira. Kumapeto kwa Okutobala gonekanipo ng'ombe masiku atatu kapena anayi, muzithira mapesi ndi udzu womweta pomwepo kuti ziboda ziswe chikhakhacho n'kupondereza zinyalala ndi ndowe. Zichotseni mvula isanayambe. Potsetsereka kumbani timaenje tokhota ngati mwezi, kukamwa kuloze kumtunda. Mvula yeniyeni ikagwa bzalani kapinga wozula ndi mizu yake, motalikirana theka la mita, kapena wazani mbewu ya udzu wa Katambora Rhodes pamwamba n'kungopondaponda, musakwirire kupitirira sentimita imodzi poti mbewu yake ndi yopepuka. Yalani nthambi zaminga pamwamba, tsekani dzinja lonse, mbuzi zomwe zisalowe.

Za aneba, polywire sangakuthandizeni, ng'ombe zosaphunzira zimangomudula. Malire akunja amafuna waya waminga wa mizere inayi, ndipo ngati ndalama zili zochepa yambirani kumeneko, m'kati muyendetse ndi abusa monga anenera a Gama. Kambiranani nawo anebawo mu Epulo, msipu ukadali paliponse, osati mu Seputembala ng'ombe zawo zitaima pampanda kuyang'ana udzu wanu.

Moto: lamulo limafuna mzere wotchinga moto wa mamita 9 m'lifupi m'malire, ndipo ukhale utalimidwa kapena kutenthedwa Juni asanathe, udzu usanaumitsitse. Nkhokwe ya mahekitala 15 ija muidulenso pakati ndi mzere wina, kapena muigawe malo awiri otalikirana, kuti moto umodzi usatenge yonse. Mbali imene imayang'ana kumsewu kapena kumene alenje a mbewa amachokera muidyetse yoyamba mu Meyi, ndipo pamene pali pathyathyathya mwetani udzu wina mu Malichi ukadali ndi ndiwo, muuyanike masiku awiri kapena atatu, muusunge pathandala pafupi ndi nyumba. Pakapsa ndithu, lupsalo musalidyetse likangobiriŵira. Dikirani mvula igwe udzu ufike masentimita 15, ndipo tsiku lomwelo lapsalo bwererani pa masamu aja ndi mahekitala amene atsala.